"Abusa, Kodi Ndipite?": Mkhristu, Anzake ndi Chikondwerero cha Nyimbo za Jazi

Chaka ndi chaka, msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukamayandikira kutsekedwa ndipo m'zigafa muli mbee, dera lathu lino la Simlemba limasintha nkhope. Ndalama imayenda m'manja mwa anthu kwa milungu yowerengeka, njinga zamoto zimachuluka pamsewu wafumbi, ndipo usiku mphepo imatibweretsera phokoso la zoimbira kuchokera kumalo a malonda. Ndi nyengo yomweyonso imene ife timamweta udzu wokonzekera msonkhano wa misasa. Munali m'nyengo yotere pamene mbale wina wachinyamata, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale amenenso amaimba besi m'kwaya, anaimika dzanja kalasi ya Sukulu ya Sabata ili pafupi kuweruka pansi pa mtengo wa mango. Iye anati: "Abusa, anzanga amene ndinaphunzira nawo zauphunzitsi andigulira tikiti ya chikondwerero cha nyimbo za jazi ku Lilongwe. Papita zaka zinayi tisanaonane. Kodi ndikapita ndachimwa?"

Asanakhale pansi, mkulu wina wa mpingo, munthu wa imvi amene tonse timamulemekeza, anayankha kuti: "Mwana wanga, funso limenelo ngakhale kufunsa kwake n'kolakwika." Mlongo wina wa m'kwaya momwemo anang'ung'udza, koma momveka ndithu, kuti lipenga lilibe mlandu. Belu linalira, ndipo ife tinapempha kuti tidzayankhe Sabata lotsatira. Tinatero chifukwa mayankho onse awiriwo anali ofulumira. Mbale wathuyo anachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo mpingo umene achinyamata ake aleka kufunsa usaganize kuti achinyamatawo aleka kupita. Amangopita mwakachetechete.

Tiyeni tiyambe ndi kudziwa chinthu chimene tikuchiweruza. Nyimbo za jazi zinabadwira mumzinda wa New Orleans ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pakati pa zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuchokera kuno ku Africa. Kuyambira 1817 lamulo la mzindawo linkalola akapolo kusonkhana pabwalo limodzi lokha, lotchedwa Congo Square, pa tsiku loyamba la mlungu, ndipo pamenepo ankaimba ng'oma ndi kuvina magule akwawo. M'kupita kwa nthawi panakumana mitsinje ingapo: nyimbo zoimba pogwira ntchito m'minda ya thonje, nyimbo zauzimu za m'matchalitchi a anthu akuda, nyimbo zodandaula zotchedwa blues, ndi malipenga a magulu amene ankaperekeza maliro kumanda. Wina amaponya, ena nayankha, monga zimakhalira pamtondo kapena pa chimtali. Chimene chimasiyanitsa jazi ndi nyimbo zina ndi ichi: oimba amayamba pamodzi mutu wa nyimbo, kenaka aliyense amapatsidwa mpata woiyendetsa monga luso ndi mtima wake zikumuuzira pa nthawi yomweyo, anzake akumuchirikiza, kufikira onse atabwerera kumutu uja. Motero nyimbo imodzi siimbidwa kawiri mofanana, ndipo n'chifukwa chake oikonda safuna kuimvera pawailesi pokha. Amafuna kukakhala pomwepo pamene ikubadwa.

Koma mbiriyi ili ndi tsamba lina. Chimbale choyamba cha jazi chinatuluka mu 1917, ndipo kuyambira 1920 kufikira 1933, pamene boma la America linaletsa kugulitsa mowa, nyimbozi zinakulira m'mashabini obisika ndi m'nyumba zovinira usiku. Dzina lake linamatirira ku mowa ndi chiwerewere monga fungo la utsi limamatirira ku zovala. Makolo athu m'chikhulupiriro sanalote pamene anachenjeza za nyimbozi, ndipo kwa zaka zambiri Buku la Malamulo a Mpingo latchula jazi ndi rock pakati pa nyimbo zimene wokhulupirira ayenera kuzipewa. Kuno kwathu nakonso mawu akuti jazi anatenga tanthauzo lakelake. Magulu a mabanjo opanga okha ndi ng'oma za zikopa ankadzitcha "jazz band". Alan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona amene anamwalira mu 1995, ankaimba ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anatchuka ndi gitala ndi chitoliro cha kwela kufikira maiko a ku Ulaya. Nyimbo ya August Musarurwa wa ku Bulawayo yotchedwa Skokiaan, imene Louis Armstrong anaijambulanso mu 1954, inatenga dzina lake ku mowa woukira wofulula mobisa. Tsono mkulu wa mpingo uja akamva mawu akuti jazi, m'makutu mwake mumamveka bwalo la mowa limene iye analisiya pa tsiku la ubatizo wake. Sitiyenera kumuseka. Iye akudziwa chimene anathawa.

Kodi tchimo limakhala m'chingwe cha gitala?

Funso loyamba ndi lakuti kodi kulira kwa choimbira pakokha kungakhale koyera kapena kodetsedwa. Werengani Genesis 4:21. Munthu woyamba amene Malemba amamutchula kuti anali tate wa oimba zeze ndi chitoliro ndi Yubala, wa mbumba ya Kaini. Koma zeze yemweyo, ali m'manja mwa Davide, anatonthoza mtima wosautsidwa wa mfumu Sauli (1 Samueli 16:23). Pa Eksodo 15 Miriamu akutsogolera akazi ndi lingaka m'dzanja, akuvina pamaso pa Yehova. Tikangotsegula masamba owerengeka, pa Eksodo 32, anthu omwewo akuimba ndi kuvina pamaso pa mwana wa ng'ombe wa golidi, ndipo phokoso lawo linamveka kwa Yoswa ngati la nkhondo. M'chigwa cha Dura munali gulu la zoimbira zamitundumitundu (Danieli 3), ndipo zina mwa izo ndi zofanana ndi zimene Salmo 150 likutiitana kuti tilemekeze nazo Mulungu. Anyamata atatu Achihebri sanaponyedwe m'ng'anjo chifukwa chokana kumva nyimbo. Anaimva ndithu, pakuti analibe kothawira. Anakana kuchita chimene nyimboyo inaimbidwira, ndiko kugwada.

Apa tikuphunzira kuti choimbira ndi kapolo. Funso ndi lakuti akutumikira mbuye uti. Komabe tisathamangire kunena kuti nyimbo ndi madzi opanda mtundu amene amangotenga maonekedwe a chikho. Nyimbo ili ndi mphamvu pathupi: imafulumizitsa mtima, imagwedeza phazi mwini wake asanavomereze, ndipo imalowa mumtima popanda kugogoda pakhomo la nzeru. Aliyense amene anaonapo mganda kapena malipenga akudziwa kuti ng'oma ikafika pakolasi ngakhale nkhalamba imaiwala ndodo. Augustine wa ku Hippo, polemba za moyo wake cha m'ma 400, anaulula kuti ankasautsika pamene kukoma kwa maimbidwe a m'tchalitchi kunamukhudza koposa mawu oimbidwawo. Ifenso tili ndi mbiri yathu. Pamsonkhano wa misasa wa ku Muncie, m'chigawo cha Indiana, mu 1900, abale ena anabweretsa ng'oma yaikulu ndi zoimbira zina nautsa phokoso mpaka anthu kumagwa pansi, akuyesa kuti ndiko kudzazidwa ndi Mzimu, ndipo Ellen White anadzudzula mchitidwewo mwamphamvu. Taonani kuti zimenezi zinachitikira pamsonkhano wa misasa, pansi pa tenti ya mpingo, anthu akuimba mawu achipembedzo.

Mbali inayo nayo ili ndi mboni zake. Thomas Dorsey, amene amatchedwa tate wa nyimbo za gospel, anali woimba piyano ya blues asanadzipereke ku nyimbo zauzimu, ndipo nyimbo yake yodziwika koposa anaipeka mu 1932 mkazi wake ndi khanda lake atamwalira. Matchalitchi ambiri anayamba amukana, koma lero nyimbo za mtundu umenewo timaziimba pamaliro athu popanda kufunsa kumene zinachokera. Gulu la Take 6 linayambira mu 1980 pa Oakwood College, sukulu ya mpingo wathu ku Huntsville, Alabama. Anyamatawo amaimba ndi pakamwa pokha, koma kalukidwe ka mawu awo ndi ka jazi, ndipo mu 1989 analandira mphoto za Grammy m'magawo onse awiri, la jazi ndi la gospel. Magulu ambiri a anyamata anayi kapena asanu ndi mmodzi amene amatisangalatsa masana a Sabata anatola kanthu kwa iwo, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ndipo ife a kuno kumpoto kwa Kasungu, kumene Chichewa ndi Chitumbuka zimadyera mbale imodzi, sitingaiwale Mtebeti Wambali Mkandawire, amene anamwalira mu 2021, mwini chimbale cha Zani Muwone cha mu 2002. Iye anasakaniza jazi ndi maimbidwe akwathu poimba za Mulungu. Chikalata chonena za nyimbo chimene akuluakulu a mpingo wathu wa dziko lonse anavomereza mu 2004 chimati nyimbo zosakhala zachipembedzo zingathe kukhala ndi malo m'moyo wa Mkhristu, koma ziyesedwe ndi muyeso wa pa Afilipi 4:8. Chotero ife sitingaime paguwa ndi kunena kuti kulira kulikonse kwa lipenga la jazi ndi tchimo. Tikatero tidzakhala tanena zimene sitingathe kuzitsimikizira, ndipo achinyamata athu, amene amawerenga, adzaleka kutikhulupirira ngakhale pa zinthu zimene tikunena zoona.

Koma mbale wathu sanafunse za kumvera nyimbo m'nyumba mwake. Anafunsa za kupita ku chikondwerero, ndipo chikondwerero chili ndi tsiku lake, malo ake, mtengo wake ndi khamu lake.

Za tsiku sitichulukitsa mawu, chifukwa n'zomveka. Zikondwerero zazikulu za nyimbo zimene tikuzidziwa, monga Lake of Stars chimene chinayambira ku Chintheche mu 2004, kapena Sand Music Festival chimene chinayamba mu 2010, zakhala zikuyamba Lachisanu ndi kupitirira kumapeto a mlungu. Cha jazi cha ku Cape Town, chimene chinayamba mu 2000, nachonso chakhala chikudya usiku wa Lachisanu ndi tsiku la Sabata. Dzuwa likamalowa Lachisanu, pamene ife tikusonkhana pabanja kulandira maola opatulika, m'pamene zipata zimatsegulidwa. Werengani Yesaya 58:13, 14. Nyimbo ingakhale yoyera ngati madzi a pakasupe, koma maola amenewo ali ndi Mwini wake, ndipo sitingapereke kwa anzathu chinthu chimene si chathu. Wina adzati, "Ndidzapita kutchalitchi m'mawa, madzulo n'kupita kuchikondwerero." Mapanga awiri avumbwitsa. Amene wakhala m'kachisi akuyang'ana wotchi ndi kupapasa tikiti m'thumba wapita kale, ngakhale thupi lake lili pabenchi.

Za malo ndi mtengo zikufuna kudekha. Werengani Amosi 6:4-6. Mneneri akuona anthu a ku Samariya atagona pamakama a minyanga ya njovu, akudya ana a nkhosa onenepa, akumwera vinyo m'mbale zikuluzikulu, ndipo akupeka nyimbo pazoimbira ngati Davide. Omasulira ena amamva mawu a Chihebri a pamenepa ngati kupeka nyimbo pomwepo pamene ukuimba, chimene ndi mtima weniweni wa jazi. Koma taonani pamene mlandu wawo wagona. Amosi sakuwatsutsa chifukwa cha luso, pakuti akuwafanizira ndi Davide. Akuwatsutsa chifukwa mtundu wawo unali kuwonongeka iwo osamva chisoni. Nyimbo inali itasanduka chotsekera m'makutu kuti asamve kulira kwa osauka pachipata. Vesi limeneli limatipeza ife a m'dera la fodya. Tonse tikudziwa tenanti amene wagwira ntchito kuyambira pa nazale kufikira pa kudinda mabelo, ndipo pakuwerengera ngongole ya chimanga chimene anadya amabwerera kwawo ndi kathumba ka m'manja. Tikudziwanso bambo amene amatsika ndi ndalama za chaka chonse kupita kutauni nabwerako patapita milungu iwiri ali ndi wailesi yokha. Kuchokera ku boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 130, osawerengera mtunda wochokera kuno. Tikiti, galimoto, chakudya ndi pogona zikaphatikizidwa, mdindo wokhulupirika ayenera kuziika pasikelo pamodzi ndi feteleza wa m'munda wa amayi ake ndi fizi ya mng'ono wake. Sitikunena kuti khobidi lililonse losapita ku ufa latayika. Ambuye wathu anateteza mkazi amene anatsanulira mafuta a mtengo wapatali pamene ena ankawerengera mtengo wake. Kukongola nakonso ndi mphatso ya Mlengi, amene anapatsa mbalame nyimbo popanda kuzilipiritsa. Koma chisangalalo chogula ndi njala ya m'nyumba mwako ndicho chimene Amosi anachiona ku Samariya.

Tinenenso poyera kuti pazikondwerero zambiri zotere mowa umagulitsidwa pafupi ndi nsanja ya oimba, ndipo khamu la masana silifanana ndi khamu la pakati pa usiku. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Anzathu

Pamene tinacheza ndi mbale uja pakati pa mlungu, tinazindikira kuti chomukoka chenicheni sichinali lipenga. Iye anati: "Abusa, amene aja tinkagawana nsima ndi sopo. Mmodzi wa iwo anandigoneka pabedi lake nditadwala malungo, iye n'kugona pansi. Ndikakana adzati ndayamba kudziyesa woyera." Apa m'pamene pagona funso la chikhalidwe, ndipo ndi lolemera koposa la zoimbira. Kodi munthu ali ndi ngongole yotani kwa bwenzi limene silikhulupirira zimene iye amakhulupirira?

Malemba amatipatsa zithunzi ziwiri zimene poyamba zimaoneka ngati zikutsutsana. Yesu anapita kuukwati ku Kana, anadya kunyumba ya Levi pamodzi ndi amisonkho, kufikira adani ake anamuneneza kuti ndi bwenzi la ochimwa. M'fanizo la mwana wolowerera, amene anamva kuimba ndi kuvina nakana kulowa m'nyumba ndi mwana wamkulu, ndipo fanizolo silimuyamikira (Luka 15:25-28). Mkhristu amene amadula chibwenzi chilichonse cha kunja kwa mpingo amakhala mchere wotsekeredwa m'botolo. Koma chithunzi chachiwiri ndi Petro ali m'bwalo la mkulu wa ansembe, akuwotha moto wa anthu ena. Iye sanalowe m'bwalomo ndi cholinga choipa; anatsata Ambuye wake chifukwa cha chikondi. Koma anakhala pakati pawo ngati mmodzi wa iwo, akubisa chimene iye ali, ndipo funso la mdzakazi mmodzi linamugwetsa. Yehosafati, mfumu yabwino, anapita kukacheza kwa Ahabu, anamuphera nkhosa ndi ng'ombe zambiri, ndipo phwando lisanazizire anali atalonjeza kupita kunkhondo imene si yake (2 Mbiri 18).

Kusiyana kwake kuli pati? Yesu kulikonse kumene anapita anapita ali Iye mwini, ndipo onse a patebulo ankadziwa amene akudya naye. Petro anapita atavala nkhope ya munthu wina. Choncho wokhulupirira asadzifunse kokha kuti, "Kodi malowo ndi oipa?" Adzifunsenso kuti, "Kodi kumeneko ndidzatha kukhala chimene ndili, poyera, popanda manyazi? Botolo likadzayenda kuchokera dzanja ndi dzanja n'kufika kwa ine, ndidzanena chiyani? Anzanga akadzati titsalire mpaka m'bandakucha, ndidzakhala ndi njira yobwererera ndekha?" Yankho silingafanane kwa anthu onse. Mbale amene anamasulidwa ku mowa chaka chatha asayese n'komwe. Kwa iye fungo lokha ndi msampha. Ndipo pali ena amene amadziyesa olimba chifukwa chakuti sanayesedwepo (1 Akorinto 10:12).

Chibwenzi chenicheni chimapirira mawu akuti ayi. Ngati anzathu amatikonda pokhapokha tikamavomera zonse, ndiye kuti akukonda mthunzi wathu. Koma nafenso tiyenera kusamala kakanidwe kathu. Pali kukana kumene kumanena kuti, "Sindingathe, chifukwa tsikulo ndinalipereka kale, koma ndikufunitsitsa kukuonani; tiyeni tipeze nthawi ina." Palinso kukana kumene kumanena mumtima kuti, "Ndikuyamika kuti sindili ngati inu." Kukana koyambako kumasiya khomo lotsegula. Kwachiwiriko kwathamangitsa anthu ambiri amene akanadzakhala nafe pabenchi.

Mahalia Jackson, woimba nyimbo zauzimu wa ku America, anakana moyo wake wonse kuimba m'nyumba zomwera mowa ngakhale ankamulonjeza ndalama zambiri. Koma mu 1958 anavomera kukaimba ku chikondwerero cha jazi cha ku Newport. Anakwera pansanja pakati pa usiku, naimba nyimbo zauzimu zokhazokha, naimbanso Pemphero la Ambuye khamu lonse lili zii. Ena a m'matchalitchi sanakondwere kuti anapitako. Sitikumutchula kuti akhale chilolezo chathu, pakuti iye anapita kukapereka umboni pamene ambiri a ife tingapite kukangokhala m'khamu. Tikumutchula chifukwa anali ndi malire amene anawaika asananyamuke kunyumba.

Palinso mbale wofooka, amene Paulo akumunena pa Aroma 14 ndi pa 1 Akorinto 8. Mphunzitsi m'mudzi sayenda yekha. Maso a ana makumi asanu ndi limodzi a m'kalasi mwake ndi a Pathfinder onse amayenda naye, ndipo masiku ano chithunzi chojambulidwa ku Lilongwe chimafika pa WhatsApp ya ku Simlemba mwini wake asanakwere basi. Mwana amene wachiona sadzadziwa kuti aphunzitsi ake anamwa madzi okha. Komabe tisagwiritse ntchito mawu a Paulowa ngati chingwe chomangira aliyense. Paulo akunena za munthu amene angagwe potsanzira, osati za munthu wolimba amene amangokonda kukhumudwa ndi zochita za ena. Mutu womwewo ukuletsanso kuweruza kapolo wa mwini wake.

Pamenepa tiloleni tipatuke pang'ono, pakuti nkhaniyi ikutiloza ifenso chala. N'chapafupi kudzudzula lipenga la ku Lilongwe, chifukwa ambiri a ife sitidzalimva n'komwe. N'chovuta kulankhula za chigafa chimene chili kuseri kwa nyumba, ngakhale timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera ndi kuti fodya amawononga kachisiyo. Abale ena asiya fodya nayamba soya ndi mtedza, ndipo alipira mtengo wake. Ena sanatero, ndipo kalasi yathu siimika dzanja pa za iwo. N'chovutanso kuvomera kuti zokuzira mawu zathu pamisonkhano ya chitsitsimutso nthawi zina zimagonthetsa mudzi wonse kufikira usiku, ndi kuti makwaya ena amapikisana ngati matimu a mpira. Ndiponso tidzifunse: kodi mnyamata wa zaka 26, wosakwatira, wotumizidwa kudzaphunzitsa kutali ndi kwawo, mpingo wamupatsa chiyani choti achite madzulo a tsiku loyamba la mlungu? Ngati yankho lathu ndi lakuti azikhala m'nyumba ndi kuchonga makope, tisadabwe tikiti ikamukoka. Amene waletsa mwana kusewera kumsewu ayenera kusesa bwalo.

Sabata lotsatira tinayankha motere pamaso pa kalasi. Tinati pa maola a Sabata yankho ndi ayi, ndipo palibe chibwenzi chimene chingasinthe zimenezo. Tinati pa za usiku, pamene nyimbo yasanduka chokometsera mowa, uphungu wathu ndi wakuti asakhalepo. Tinati kwa abale ambiri, poona mtengo ndi mayesero, n'kwanzeru kusapita konse ndi kukumana ndi anzawo pamalo ena. Koma tinakana kunena kuti munthu wamkulu amene wapemphera, wayesa mtima wake, nasankha kukamvera oimba aluso masana a tsiku wamba, wachita tchimo loyenera kukambidwa ku bungwe la mpingo. Mkulu uja sanakhutire, ndipo anatiuza poyera kuti: "Abusa, mwatsegula zenera, mudzalephera kutseka chitseko." Mwina akunena zoona. Mawu akewo sitinawataye.

Mbale wathu analembera anzake kuti Lachisanu ndi Sabata sadzaoneka. Mmodzi anakwiya, popeza tikiti inali ya masiku onse, ndipo kufikira lero sayankha mauthenga ake. Iye ananyamuka m'mamawa wa tsiku loyamba la mlungu, anakhala ndi anzake atatu masana onse, ndipo dzuwa litapendeka, mabotolo atayamba kuchuluka paudzu, anatsazika nakagona kwa mbale wa mumpingo. Atabwerako tinamufunsa kuti, "Nanga mwaona zotani, achimwene?" Anatiuza za woimba lipenga wina amene analiza nyimbo yapang'onopang'ono ngati mayi wolira pasiwa, kufikira iye anakumbukira maliro a bambo ake nagwetsa misozi. Anati sanamve kuti nyimbo imeneyo yamuchotsa pamaso pa Mulungu. Kenaka anakhala chete, nati: "Koma Abusa, chakudya chitabwera ndinachita manyazi kutsinzina. Ndinapemphera maso ali otsegula, ndikunamizira kuyang'ana foni. Chimenecho ndicho chikundisautsa."

Sitinamudzudzule, pakuti anali atadziweruza kale, ndipo chimene anachipeza mumtima mwake sichinabadwire ku Lilongwe. Anapita nacho kuchokera kuno. Watiuza kuti sakudziwa ngati adzapitanso. Watiuzanso kuti mnzake uja amene anamugoneka pabedi, munthu womwa mowa ndiponso wosalowa m'tchalitchi chilichonse, anadabwa kuti iye anayenda ulendo wonsewo chifukwa cha maola asanu okha, ndipo walonjeza kudzabweza ulendowo pa tchuthi cha Disembala. Akuti adzafika Lachisanu, adzagona masiku atatu, ndipo adzabwera ndi gitala yake. Wafunsa ngati angadzaloledwe kukhala nawo m'kalasi yathu pansi pa mtengo wa mango, ndi ngati masana angadzaimbe limodzi ndi kwaya. Funso loyambalo tayankha kale kuti inde. Lachiwirilo tapempha mkulu wa mpingo uja kuti aliganizire, ndipo wati tidzamve kwa iye msonkhano wa misasa ukatha.